Nyumba Isapite kwa Mlendo

9 Febuluwale

Okondedwa Apongozi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Chitsiriza, ndiponso kuti nkhuku zikuikira. Kuno ine ndi mdzukulu wanu Kabatani tili bwino. Amene sali bwino ndi mwana wanu, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Amayi, mkazi munandipatsa uja si amene ndili naye m'nyumba muno. Akudya ngati waganyu koma akungowonda, madiresi akuchita kulendewera. Thukuta silimuchoka ngakhale kuzizire chotani. Amatsegula mawindo onse, ife n'kumanjenjemera m'nyumba yathu yomwe. Manja akunthunthumira, moti telala wathunthu kulowetsa ulusi pa singano akuchita kuitana mwana. Dzana wadula mokhota nsalu ya ukwati wa eni, mwini wake anatitukwana mpaka anthu kudzaza pampanda. Pakhosi patupa. Maso atuzuka, amakuyang'ana ngati wamubera.

Mkwiyo ndiye musanene. Lamulungu Kabatani anatayira tiyi pa nsalu, mayi ake anam'menya khofi mpaka mlomo kuchucha magazi, kenako yekha n'kukhala pansi kumalira kuposa womenyedwayo.

Anthu ayamba kunong'ona. Ena akuti ndi matenda aja, ena akuti ndi mutu, ena akuti amamwa mobisa. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu galimoto, ndipo wophunzira amakhala nane moyandikana tsiku lonse. Ena asiya kale kubwera. Chinthu choyamba chimene ndimaphunzitsa n'chakuti galimoto yopanda mabuleki siyendetsedwa, imaimikidwa.

Ndiye Loweruka ndim'kweza basi yam'mawa, adzapumuleko kwa inu mpaka zitadziwika. Basi yomweyo pobwerera mundikwezere Chitsiriza adzandisungireko mwana, poti sukulu anamaliza ndipo akungokhala. Sindikum'thamangitsa mwana wanu ayi. Ndikungomuimika pambali pa msewu.

Ndine mkamwini wanu,
Bambo a Kabatani

4 Malichi

Bambo a Kabatani,

Moni wochokera kwa mkazi wanu. Mwadzuka bwanji ndi mwanayo? Mlomo wake unapola? Chifikire kuno sindinamve kanthu kuchokera kwa inu.

Amayi andipatsa kachipinda kakuseri kaja, kogundana ndi khola, komwe amasungiramo matumba a chakudya cha nkhuku. Fungo ndalizolowera. Chimene sindinazolowere ndi mtima. Umathamanga ngati makina osokera ngakhale nditangokhala phee, mpaka ndimaumva m'makutu. Dzulo anandituma kutola mazira, mbale inandipulumuka. Anangoti, "Khala pansi, manja akowo angatigonetse ndi njala."

Mumuuze Kabatani kuti mayi ake sanam'de. Dzanja lija ndinkaliona likupita, ine mwini ndili kumbuyo kwake. Chitsiriza adziwenso kuti tsitsi la kamtsikanako sililukidwa mokoka, amamva mutu.

Mawa ndipita kuchipatala chachikulu ndekha. Amayi akuti sangasiye nkhuku.

Ine mkazi wanu,
Mayi a Kabatani

27 Malichi

Bambo a Kabatani,

Moni kachiwiri. Yankho lanu sindinalione, mwina likubwera. Lero ndili ndi nkhani yabwino, muwerenge mutakhala pansi.

Matenda anga ali ndi dzina. Adokotala ake ndi mzimayi wa imvi, wosalankhulalankhula. Anandiuza nditambasule manja, n'kuikapo pepala. Pepalalo linavina. Anazungulira kumbuyo kwanga, kundigwira pakhosi n'kuti, "Mezani malovu." Anawerenga kugunda kwa mtima, kundiyang'ana m'maso, kenako anandifunsa ngati ndimamva kutentha anzanga akumva kuzizira, ngati m'mimba mumathamanga, ngati kumwezi kwasokonekera. Zonse ankanena ngati amagona kwathu.

Ndinawafunsa kuti, "Adokotala, kodi ndapenga?"

Anati, "Simunapenge, mayi. Tiyeze magazi kaye."

Zotsatira zatuluka Lachiwiri. Matenda amene anthu akunong'ona aja ndilibe, muwauze ophunzira anu abwerere. Vuto ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamulira liwiro la thupi lonse. Changachi chikutulutsa timadzi take mopitirira muyeso. Kuti mumve m'chinenero chanu, si mabuleki amene anatha ayi. Ndi injini imene yaponderedwa moto osachotsapo phazi. N'chifukwa chake chakudya chimangopsa osandigwira, mtima kuthamanga, mkwiyo kubwera usanaitanidwe.

Andipatsa mapiritsi amitundu iwiri, ena oziziritsa chithokomirocho, ena odekhetsa mtima. Akuti ndimwa kupitirira chaka, ndipo ndizipita kukayezetsa magazi pafupipafupi. Andichenjeza kuti ndikangomva zilonda zapakhosi kapena kutentha thupi, ndisiye kumwa n'kuthamangira kwa iwo, chifukwa kwa anthu ena mankhwalawa amatha asilikali a m'magazi. Akutinso tisafulumire kum'patsa Kabatani mng'ono osawauza iwo. Pamenepo ndinaseka, koyamba chaka chino.

Za maso sanandinamize. Akuti mwina abwerera pang'ono, mwina ayi. Ndizidonthezamo mankhwala ndi kugona mutu uli pamwamba.

Ndichira, bambo. Ndilembereni ngakhale mizere iwiri.

Ine mkazi wanu,
Mayi a Kabatani

16 Epulo

Achemwali anga okondedwa,

Moni wambiri kuchokera kwa ine Chitsiriza, alamu ndi Kabatani. Alamu akuti ndikuyankhireni ine poti iwo amabwera atatopa, mukudziwa ophunzira awo mmene amathera munthu mphamvu.

Kalata yanu anatiwerengera mokweza patebulo. Pamene munati injini paja tinaseka mpaka misozi. Alamu akuti ndiye mwasanduka makaniko tsopano? Akuti mupitirize kumwa mankhwala, musadere nkhawa zakuno.

Kabatani ali bwino kwambiri, wanenepa. Ali ndi kasewero kake katsopano. Amakoka zikope ndi zala, kutuzula maso n'kumati, "Ndine amayi, ndine amayi!" Ine ndimam'letsa koma alamu amagwa nacho chiphwete. Musakhumudwe, ndi mwana. Kungoti usiku akalota zoipa amati wakulotani inu, ndiye alamu akuti ndi bwino apume kaye asanakuoneni.

Makina anu ndikuwathira mafuta. Madiresi munawasiya theka aja ndinamaliza, eni ake anakondwa, ena abweretsanso nsalu zina. Diresi yanu yobiriwira ija ndaibweza pang'ono m'chiuno. Pa inu pano ingangolendewera, ndiye ndinati isadyedwe ndi njenjete.

Apatseni moni amayi.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsiriza

12 Julayi

Mwana wanga Chitsiriza,

Ndili bwino, kaya iwe. Kalata yako ndawerenga. Pukuta misozi, madzi akatayika saoleka. Wadumpha mwezi kawiri, ndiye basi ndi mimba imeneyo, usadzinamize.

Ukuti ukuopa kuti ndikukalipira. Ndikukalipire chiyani? Pokukweza basi paja ukuganiza kuti sindinkadziwa kuti mwamuna wa msinkhu umenewo sagona yekha miyezi? Akanatenga wina ndithu, mwina wophunzira wake, ndipo lero mipando ija, makina aja ndi mdzukulu wanga zikanakhala m'manja mwa munthu wosatidziwa. Nyumba isapite kwa mlendo. Iwe ndi mkulu wako munatuluka m'mimba imodzi, chake ndi chako.

Vuto ndi lakuti mkulu wakoyo akuchira. Masaya abwerera, thukuta latha, dzulo wandisokera katani pamanja mzere wake kuwongoka ngati wamakina. Tsiku lililonse amafunsa za basi. Ine ndikumuuza kuti mawondo anga sakundilola kunyamula matumba, andithandize kaye. Ndim'gwira mpaka pamene ndingathe. Akamwini asam'lembere kanthu. Munthu akakhala chete nthawi yaitali, mnzake amamva yekha.

Uzidya bwino, uyambe sikelo msanga. Paja iwe magazi amakuchepera chiyambire uli kamtsikana, ukawauze akupatse mapiritsi owonjezera magazi.

Ndine mayi ako

2 Seputembala

Bambo a Kabatani,

Moni. Makalata anga sindikudziwa ngati amafika. Adokotala achepetsa mapiritsi, a mtima aja andisiyitsa. Akuti magazi akuonetsa kuti chithokomiro chamvera, ndipo otsalawo ndikhoza kumakalandirira kuchipatala cha kwanuko. Singano ndikulowetsa ndekha. Ndibwera kumapeto kwa mwezi uno. Kabatani akuvala nsapato yanji pano? Ndikufuna ndim'bweretsere.

Ine mkazi wanu,
Mayi a Kabatani

11 Seputembala

Mayi a Kabatani,

Tili bwino. Musabwere kaye. Mwana wangotsegulira kumene sukulu, musam'sokoneze. Ndikuuzani ndine nthawi ikakwana.

Bambo a Kabatani

6 Okutobala

Amayi,

Moni sindikupatsani, mukudziwa chifukwa chake. Ndinakuuzani kuti ndikupita kukayezetsa magazi, koma ndinakwera basi ya kwathu. Ndikuti kwathu chifukwa mawu ena ndilibe.

Ndinafika masana, chitseko chili chotsegula. Ndisanalowe ndinamva makina anga akulira. Chitsiriza anali atakhala pampando wanga, msana kukhomo. Nditamuitana anaimirira msanga, tepi ili m'khosi, ndipo mimba inaimirira naye.

Ndinafunsa funso lopusa. Ndinati, "Ndi ya ndani?"

Anayang'ana pansi n'kuti, "Achemwali, khalani kaye pansi. Amayi akudziwa."

Sindinakhale. Ndinaima pomwepo mpaka Kabatani anabwera kuchokera kusukulu. Watalika, mano akutsogolo anamera. Ndinagwada n'kutambasula manja. Mwana wanga anathawira kumbuyo kwa Chitsiriza, kum'gwira m'chiuno n'kumati, "Amayi aang'ono, auzeni asandiyang'ane."

Kenako galimoto yophunzitsira inaima panja, wophunzira ali momwemo. Bambo a Kabatani analowa akupukusa makiyi. Sanadzidzimuke n'komwe. Anati, "Ndinakulemberani kuti musabwere. Onani tsopano mwadzivuta nokha."

Ndinati, "Mng'ono wanga? M'nyumba mwanga?"

Anati, "Tsitsani mawu. Mankhwala mwamwa lero?"

Amayi, pa zonse zimene ndamva chaka chino, mawu amenewo ndi amene anandilasa koposa. Ndikalankhula, ndi matenda. Ndikalira, ndi matenda. Anauza Chitsiriza alowetse mwana kuchipinda, ati mwina ndiyambanso. Ndinapempha makina anga, anati makina ndi a m'nyumba, ndipo amene ali m'nyumba akuwagwiritsa ntchito. Nsapato za mwana ndinazisiya pakhonde. Mwina ndi zazing'ono, poti saizi palibe anandiuza.

Kwanu sindibwerera. Mnzanga wina watelala wandipezera malo pashopu yosoka mayunifolomu kuseri kwa depoti, ndipo ndikugona m'kachipinda kosungira nsalu. Ana akamaweruka ndimaima kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo, kuti ndimuone Kabatani akudutsa iye osandiona.

Mawondo anu ali bwanji? Ndinakunyamulirani matumba miyezi yonse ija ndikumakumverani chisoni.

Mwana wanu wamkulu

19 Okutobala

Mwana wanga,

Ngakhale wandimana moni, ine ndikukupatsa. Kalata yako ndi yamwano, koma ndaikhululukira poti adokotala ananena okha kuti matenda akowo amabwera ndi ukali.

Tadziyang'ana pagalasi, mwana wanga, kenako undiuze mwamuna amene akanadikira. Ine sindinakulande kanthu. Chimene chinali kugwa ndinangochiwakha chisanafike pansi. Mwana wako akuleredwa ndi magazi ake, sakumenyedwa makofi. Ukanakonda mayi womupeza wochokera kwina?

Leka zoima pansi pa mitengo ngati wamisala, anthu akuona ndipo akamwini adandaula. Mng'ono wako ndi woyembekezera, safunika kum'dwalitsa mtima. Ukafuna kubwerera kachipinda kako kalipo.

Ndine mayi ako

17 Febuluwale

Mwana wanga,

Kapepala aka ndapatsira mayi wokolopa m'wodi kuti akupeze kushopu. Ndili kuchipatala cha kuno kwanu. Chitsiriza wachira mwana wamwamuna m'mawa uno koma chiberekero chakana kutseka, magazi akungotuluka. Wayera ngati pepala, sakutizindikira. Mosungira magazi akuti a mtundu wake atha, achibale apereke. Ine akuti ndakalamba. Akamwini akuti sangapereke chifukwa mawa ali ndi ophunzira okayesedwa, angachite chizungulire pamsewu. Iwe ndi iye magazi anu ndi amodzi. Siya zonse ubwere. Zakale tidzakamba.

Mayi ako

19 Febuluwale

Amayi,

Dzana m'khonde la chipatala munatseka makutu, ndiye ndikulemba kuti mwina maso anu amva.

Kapepala kanu kanandipeza ndili pakati pa kolala. Ndinasiya shati pamakina n'kuthamanga. Kuchipinda chotengera magazi ndinapinda ndekha mkono wa bulauzi asanandiuze. Anamwino anandibaya chala, kundiyeza sikelo, kenako anafunsa ngati pali mankhwala amene ndimamwa. Ndinatulutsa kabotolo kanga. Anakawerenga, kundiyang'ana pakhosi, n'kundibwezera.

Anati, "Pepani mayi, munthu amene ali pa mankhwala awa sitim'tenga magazi. Mankhwalawo ali m'magazimo, komanso mtima wanu ungatidzidzimutse."

Ndinati, "Ndiye ndasiya kumwa lero."

Anati, "Satuluka lero."

Ndinati, "Ndi mng'ono wanga, akufa pamwambapa."

Anati, "Ndamva, koma sindingathe." Anaitana wotsatira.

Nditakwera kuwodi, bambo a Kabatani anaima pakhomo n'kuti, "Ngati magazi simunabweretse, mwabwera kudzaonerera?" Munthu wamphumphu, mikono yake ili m'matumba. Inu munali pabenchi, ndipo simunam'funse iyeyo kanthu. Munafunsa ine.

Ndinabwerera kushopu n'kupempha anzanga. Awiri anapita, mmodzi anam'tenga. Ndamva kuti magazi ena afika dzulo kuchokera kuchipatala china ndipo Chitsiriza watsegula maso. Mukafuna umboni, anamwinowo ndi aafupi, ovala magalasi. Kawafunseni.

Mwana wanu wamkulu

25 Febuluwale

Iwe,

Ndilibe nthawi yofunafuna anamwino a magalasi. Mankhwala amene anakuchiritsa iwe ndi omwewo akaphe mnzako? Ukanafuna kupereka ukanangokhala chete za kabotolo kako. Unakatulutsa dala. Unafuna kuti mng'ono wako afe kuti utenge mwamuna, ndipo Mulungu wakuchititsa manyazi, ali moyo.

Adokotala akuti anakhala nthawi yaitali thupi lili lopanda magazi ndipo tiyang'anire zotsatira zake. Chilichonse chimene chidzam'gwere chili pamutu pako. Usandilemberenso. Wondifunsa ndikumuuza kuti mwana wamkazi ndinabala mmodzi.

21 Juni

Achemwali,

Sindikudziwa ngati muwerenga mukazindikira zolemba zanga. Moni, ngati mungaulandire. Ndikulemba ndili kwa amayi. Iwo sakudziwa.

Chichirire mwana uja sindinakhalenso munthu. Mkaka sunabwere ngakhale dontho. Mwana ankayamwa mpaka kulira, ine kulira naye, mpaka tinayamba mkaka wa m'chitini. Alamu ankati ndikuchita dala kuti mabere asagwe. Kumwezi sindinapitenso. Tsitsi la m'khwapa linathothoka lokha. Ndimamva kuzizira dzuwa lili pamutu, ndipo kungochapa matewera ndimagona ngati ndalima munda. Ndikaimirira msanga kumada bii. Mwezi watha ndinagwa kukhitchini mwana ali m'manja. Mwayi wake anagwera pa ine.

Kuchipatala anapeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi zili pansi kwambiri. Atayeza zambiri anandiuza kuti pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nyemba, kamene kamalamula ziwalo zinzake, za mkaka, za kumwezi, ngakhale chithokomiro chanu chija. Tsiku ndinataya magazi lija kachiwaloko kanasowa magazi n'kufota. Sikadzukanso. Ndizimwa mapiritsi moyo wanga wonse m'malo mwa timadzi take. Za mwana wina akuti n'zovuta.

Adokotala akunena zimenezi alamu analipo. Anangofunsa funso limodzi, "Ndiye sachira?" Loweruka lake anandikweza basi. Mwana anatsala, ati ine ndingam'gwetsenso. Amayi andiika m'kachipinda kakuseri. Pakhoma pali msomali pamene munkapachika chikwama chanu.

Za magazi ndikudziwa kuti munapita. Mnzanu amene anapereka uja anabwera kudzandiona m'wodi, anandiuza zonse. Ndinawauza amayi, anati ndikhale chete ndikudwala.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, pakamwa panga sipangakwanitse. Ndikupempha chimodzi. Mwanayo akusungidwa ndi wantchito amene sindikum'dziwa. Mukamadutsa, tasuzumiraniko. Mungondiuza ngati akumutsukira botolo ndi madzi owira.

Chitsiriza

3 Julayi

Mayi a Kabatani,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndinakuonani dzana mukuwoloka msewu pafupi ndi depoti, ndinali ndi wophunzira ndiye sindinaime. Mwabwerera m'thupi ndithu, ndinachita kukuyang'ananso kachiwiri.

Ndilankhule mwachidule. Zinachitikazo zinachitika, tonse tinalakwitsa penapake. Mng'ono wanu mwamva mmene alili. Wantchito wachoka, wachiwiri chichokere mng'ono wanuyo. Kamnyamataka kakutsegula m'mimba, Kabatani akupita kusukulu tsitsi losapesa, ine malaya ndikusita ndekha. Pamalamulo inu ndinu mkazi wanga, sitinasudzulane. Apongozi ndalankhula nawo, akuti ngakhale muli ndi mlandu kwa iwo sakuletsa, kusiyana n'kuti ndibweretse munthu wachilendo.

Bwerani Loweruka. Makina anu alipo. Ndikupempha ziwiri zokha: mankhwala musasiye, ndipo zakale zisatchulidwe m'nyumba mwanga.

Bambo a Kabatani

30 Julayi

Mng'ono wanga Chitsiriza,

Moni wako ndinaulandira, nawu wanga. Unandipempha kuti ndisuzumire. Ndachita zoposa pamenepo, ndalowa.

Usaganize kuti ndabwerera chifukwa cha mwamunayu. Tsiku loyamba ndinasamutsira matiresi kuchipinda cha ana, ndipo pachitseko ndinakhomera loko ndi manja anga. Anagogoda kamodzi, ndinam'funsa ngati akufuna ndiyambe kutchula zakale. Sanagogodenso. Amadya, amasintha malaya, amapita. Dzina lako sanalitchulepo, ngati umafuna kudziwa.

Kabatani sanandizolowere. Amandiyankha ndi mutu, ndipo akamalira amaitana iwe. Ndikamamuluka amakhala chowuma ngati ali kwa dokotala wa mano. Zimenezo ndi ntchito ya manja ako, ndipo ndimaziona m'mawa uliwonse.

Koma mnyamatayu ndi nkhani ina. Ndinam'peza atafota, matako atasupuka, mabotolo akununkha chisasa. Ndawiritsa zonse, kutsegula m'mimba kwaleka. Tsopano wayamba kudzaza m'manja. Amagona pachifuwa panga atagwira kolala ya bulauzi, ndipo akandiona pakhomo amaponda miyendo n'kumaseka. Iye nkhope yanga sakuiopa, poti ina sakuikumbuka. Lachinayi ndinapita naye kusikelo. Anamwino anafunsa kuti, "Mayi ake ndinu?" Ndinati inde. Analemba.

Ndili komweko ndinakaonana ndi adokotala anga a kuno, n'kuwafunsa za matenda ako. Mvetsera bwino, chifukwa amayi sadzakuuza, iwo amadziwa za nkhuku. Mapiritsi a chithokomiro uzimwa m'mawa usanadye kanthu. Enawo, amene amagwira shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiwo moyo wako weniweni. Usadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo usadikire kuti athe ndiye ukatenge ena. Ukadwala malungo kapena kutentha thupi kulikonse, akuti mlingo wake umawonjezedwa, ukafunse msanga kuti ndi motani. Ukayamba kusanza osasunga mankhwala m'mimba, usagone kunyumba, ukabayitse tsiku lomwelo. Uziyenda ndi kakhadi konena matenda ako, kuti ukagwa pamsewu anthu asaganize kuti waledzera. Akuti munthu wosamala zimenezi amafika mpaka imvi.

Ndiye usamale, mng'ono wanga. Amayi amati ndinkafuna ufe. Sanandidziwe. Ine ndikufuna ukhale ndi moyo wautali. Mwanayu adzamera mano, adzakwawa, adzaimirira atagwira siketi yanga, tsiku lina adzatsegula pakamwa kuitana amayi. Ndizikulembera chilichonse, osasiyako kanthu.

Ndine mkulu wako,
Mayi a Kabatani ndi kamlongo kake kakhandaka